Mtengo Si Khoma

12 Januwale

Mwana wanga wokondedwa,

Ndayamba ndi moni. Ine kuno ndili bwino, kupatula makutu aja amene samva mawu a pa foni. N'chifukwa chake ndabwera kwa a Telala oyandikana nafe kuti andilembere. Ndawauza kuti alembe mawu anga okhaokha, asadule apa n'kuwonjezera apo ngati thalauza la mwini. Kaya iwe, amuna ako ndi adzukulu anga muli bwanji m'taunimo? Makamaka undiuze za amayi ako. Kodi opaleshoni ya m'chiuno ija yatheka? Akudya? Usandibisire kanthu, ine si mwana.

Nkhani imene unayamba pa geti tsiku limene unadzawatenga, yoti tisiye nyumba ino tonse tibwere kwanuko, sindinaiiwale, ndipo yankho langa silinasinthe. Nyumba iyi ndinaimanga ndi manja angawa, kuyambira maziko mpaka denga, nditatha moyo wonse ndikumangira anthu ena. Ukuti imatentha ngati uvuni, pabwalo palibe mthunzi, fumbi limalowa mpaka m'makapu. Sindikukana. Koma n'chifukwa chake amayi ako anabzala mitengo ija mvula itangoyamba, ya mango, mapeyala, mandimu ndi magwafa. Ndipo unamva wekha zimene ananena akukwera galimoto: "Mitengo yangayi muisamale. Ikauma musandiyembekezere, ine sindingabwerere kudzakhala pa chiwaya." Choncho ndikudziwa pamene ndaima. Mitengo ikakhala moyo, amayi ako abwerera, nyumba sitiisiya.

Uwauze kuti mtima ukhale pansi. Ntchito anaisiya yothamangira, ine ndaikonza. Anamangirira mitengo yawo ku timitengo tokhotakhota ndi nsanza, mphepo ikangowomba yonse gwedegwede. Munthu amene anzake anamupatsa dzina loti Levulo sangamadzuke m'mawa uliwonse n'kumaona zinthu zopendekera pakhomo pake. Nsanza zonse ndachotsa. Ndakhoma zitsulo zimene zinatsala pa ntchito, ndayeza kuwongoka kwake ndi levulo, ndipo mtengo uliwonse ndaumangira ku chitsulo chake ndi waya, pansi, pakati ndi pamwamba. Ndapotokola ndi pulayala mpaka palibe umene ukusuntha. Dothi analisiya lofewa ngati ufa, ine ndalitsindira ndi chotsindirira maziko. Udzu wouma umene anaunjika m'munsi ndawotcha, ukanangoitana chiswe ndi njoka. Pabwalo pano tsopano ndi poyera, mzere uli nga, ukhoza kudutsitsapo chingwe. Akulu anati kuwongola mtengo n'poyamba.

A Telala ataona anati, "Achimwene, mwaimanga ngati mbava zogwidwa pamsika." Ndinawauza kuti iwo azidziwa za mabatani.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya simenti amene amadutsa kwanuko. Yankho upatsire yemweyo.

Ndine bambo ako.

2 Febuluwale

Bambo anga okondedwa,

Moni wochokera kwa tonse kuno. Kalata yanu ndalandira. Opaleshoni inayenda bwino ndipo amayi anatuluka m'chipatala. Akugona m'chipinda cha ana, anawo tawasamutsira pabalaza. Amayenda ndi chitsulo chogwirira kuchoka pabedi kufika pakhomo, kenako amachinyoza chitsulocho n'kubwerera. Dokotala wanena kuti fupa la munthu wamkulu salithamangitsa. Kwa miyezi ingapo asanyamule kanthu, asawerame, ndiponso asamadandaule chifukwa magazi awo akuthamanga kwambiri.

Chifukwa cha chomalizachi, m'kalata yanu ndawawerengera moni wokha ndi zoti mitengo ili bwino. Za zitsulo ndi waya ndadumpha. Mukuwadziwa amayi pa zomera zawo, akanayamba mafunso osatha. Iwo angoti, "Uwauze azidzaithirira mvula ikatha, asamangoisuzumira ndi diso limodzi ngati akuyeza khoma."

Bambo, ine sindikulimbana nanu. Nyumba yanu ndimaikonda, ndinakuliramo. Koma kuno chipatala chili pafupi ndipo madzi ali m'nyumba. Kwanuko mpopi uli kumapeto kwa msewu. Mvula ikatha ndowa azinyamula ndani? Amayi sadzanyamulanso, ndipo inu msana wanu mumaudziwa. Kuseri kwathu kuno kuli chipinda chimene apongozi anu, bambo a anawa, ayamba kukonza. Akuti akuopa kuti mukadzaona pulasitala wawo mudzalamula kuti khoma lonse ligwetsedwe, koma akuyesetsa.

Mukudya chiyani? Mankhwala a msana alipo? Mundiyankhe zimenezi, osati za mitengo zokha.

Ndine mwana wanu.

20 Meyi

Mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako, adzukulu anga, ndi amayi ako. Ndinakhala chete chifukwa panalibe choipa choti ndinene. Ndikudya, mankhwala alipo. Mafunso ako ndayankha, tsopano umve anga.

Mvula inatha. Itangotha mbuzi za anthu zinayamba kulowa pansi pa mpanda ndipo zinadya nsonga ya mtengo umodzi wa gwafa. Ndiye mtengo uliwonse ndauzunguliza ndi kakhoma ka njerwa kofika m'chiuno, kokhala ndi mabowo kuti mpweya uzidutsa. Simenti sindinaikemo. Mbuzi zimangobwera kudzasuzumira n'kubwerera. Pamenepo ndapambana.

Koma pali zina zimene sizikundigonetsa bwino. Masamba ayamba chikasu, ena akupindika, ena akuyoyoka. Si kusowa madzi ayi. M'mawa uliwonse ndimapita ku mpopi, ndipo mtengo uliwonse umalandira chitini chake mofanana, palibe wokonderedwa. Chodabwitsa n'chakuti madziwo salowa. Amaima pamwamba pang'ono, kenako amatsetsereka kutulukira m'mabowo a njerwa. Pofika masana pansi pamakhala pouma gwa ngati sindinathire.

Chinanso, pamwamba pa waya tsinde latupa, ngati chala chimene mwana wamanga ndi ulusi. Ine ndikuganiza kuti ndi kunenepa, mtengo ukupeza mphamvu. A Telala anati, "Achimwene, ine mwana akakula thalauza ndimalifutukula m'chiuno." Ndinati, "Inu, munaonapo nsanamira ikufutukulidwa?" Anati, "Nsanamira sinenepa." Tinasiyira pomwepo chifukwa kunabwera kasitomala.

Tsopano umvetsetse. Ukawafunse amayi ako za masamba achikasuwa, koma usanene kuti ndafunsa ine. Unene kuti ndi mnzako wa kuntchito amene mitengo yake ikutero. Akamva kuti ndi yawo ayamba kumasula zikwama kwanuko, ndipo iwe udzasangalala. Ine ndikungofuna kamfundo kamodzi, zina zonse ndikuzidziwa.

A Telala akukana kutseka kalatayi ndisanakuuze za ku mpopi. Akuti ndikapanda kunena alemba okha. Kunali matope, ndinali ndi ndowa ziwiri. Sikunali kugwa ayi, kunali kukhala pansi mofulumira. Azimayi anandidzutsa ngakhale ndikanadzuka ndekha. Bondo latsala pang'ono kuphwa.

Ndine bambo ako.

8 Juni

Bambo,

Moni. Ndawerenga kalata yanu ndili pa ntchito. Amayi anathyoka chiuno chifukwa cha "kukhala pansi mofulumira" komweko. Mukufuna ndikhale ndi anthu awiri oyenda ndi zitsulo? Mukanagwera kuseri kwa nyumba, kopanda azimayi a pa mpopi, akanakuonani ndani?

Amayi ndawafunsa momwe munanenera, kuti ndi mnzanga. Anayankha kuti, "Masamba achikasu ali ndi zifukwa zambiri. Mtengo umene sindinauone sindingauchize. Mnzakoyo akafunse amene anamugulitsa mbande." Kenako anandiyang'ana mokayikira.

Bambo, ndi mitengo chabe. Ikauma yauma. Simungathyoke msana chifukwa cha magwafa amene pamsika ali mbwee. Ndalankhula ndi apongozi anu ndipo tagwirizana kuti kumapeto kwa Ogasiti titumiza galimoto kudzakutengani. Chipinda chatha. Muyambe kusankha zimene mukufuna kunyamula. Mukhoza kundikwiyira, koma mudzandikwiyire muli pafupi.

Ndine mwana wanu amene amakukondani.

13 Julayi

A Levulo, amuna anga,

Ndalemba ndekha. Zilembo zikapendekera musatenge levulo, ndi mkwiyo umenewo osati ukalamba.

Lero dalaivala wanu wa lole anabwera kudzafunsa ngati pali kalata. Mwana anali ku ntchito, ndiye ndinamupatsa mpando ndi madzi. Ndinati, kodi kwathu mwadutsako? Iye n'kuyamba kukutamandani. Akuti, "Amayi, amuna anu ndi katswiri. Mitengo yaima ngati asilikali, uliwonse ndi chitsulo chake, waya wothina bwinobwino, pansi posalala ngati pabalaza." Ndinamufunsa kawiri. Ndinamufunsa za udzu, anati palibe ndi kamodzi komwe. Pamenepo ndinadziwa kuti mnzake wa mwana wathu wa masamba achikasu uja ali ndi imvi ndipo samva foni.

Inu bambo inu! Mtengo si khoma. Khoma mukalimanga latha, mtengo ukayamba kumene. Nsanza zija ndinamanga molekerera dala, kuti uzigwedera. Ukamagwedera m'pamene tsinde limalimba ndi mizu imagwira. Mwana amene mumangomubereka amayenda liti? Ndipo chakudya cha mtengo chimayenda m'khungwa. Waya wanuyo waugwira pakhosi.

Tsopano mumve, ndipo musawonjezere nzeru zanu.

Lero lomwe mudule waya yense. Amene walowa mkati mwa khungwa musamukoke mwamphamvu, mumudule mbali ziwiri n'kumusolola pang'onopang'ono. Mukapemphe tinsalu totambalala kwa a Telala. Mumange pamalo amodzi okha, molekerera moti zala ziwiri zilowe.

Dothi munatsindira lija mulimasule ndi chitsulo chosongoka, mobaya ndi kugwedeza, osati ndi khasu, mungadule mizu. Mozungulira mukonze ngati mbale yaikulu kuti madzi azikhazikika. Mubwezeretse udzu wouma wochindikala, koma usakhudze tsinde, musiye mpata wa chikhatho. Chiswe chidye udzuwo, si mlandu.

Chitini chanu cha m'mawa uliwonse muleke. Chimangonyowetsa pamwamba, mizu n'kumakwera kudzafuna madzi m'malo motsika. Muzithira ndowa yathunthu pang'onopang'ono, madzulo, kenako muusiye masiku angapo. Simuyenera kuthirira yonse tsiku limodzi. Ndowa imodzi paulendo, ndipo yosadzaza. Za ku mpopi dalaivala wandiuzanso.

Tinjerwa ta mabowo tija musagwetse. Pamenepo pokha munaganiza bwino.

Safunsa anadya phula. Zaka zonsezi ndinakufunsanipo kuti ndisakanize bwanji matope? Sindinatero, chifukwa sindinakhudzepo khoma lanu.

Ndine mkazi wanu.

4 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni kwa nonse. Kalata yako ya mu Juni ndinailandira ndipo sindinayankhe chifukwa mawu amene ndinali nawo sanali oti a Telala alembe. Kuchokera pamenepo sindinamvenso kanthu kuchokera kwanuko. Dalaivala sakuoneka. Ndimaima pa msewu malole akamadutsa, koma ndi ena. Amayi ako sananditumizire ngakhale liwu limodzi chichokereni. Ndikuona kuti anazindikira kale, ndipo chete wawoyo ndiye yankho.

Lachiwiri masana kunabwera chimphepo cha fumbi. Chinasasula malata a anthu awiri mumsewu muno. Anga sanasunthe. Koma nditatuluka ndinapeza mitengo itatu yathyoka, wa mango umodzi ndi ya mapeyala iwiri. Zitsulo zinali chiimire, zowongoka bwinobwino. Mitengoyo inadukira pa waya penipeni, ngati munthu wadula ndi mpeni. Nditatola mutu wa wa mango uja ndinaona kuti pamene panali waya panali popyapyala ngati pensulo, khungwa litadyeka kuzungulira. Yotsalayo ili ndi mabala omwewo, masamba atsala owerengeka. Ndikuopa kuikhudza. Ndikamasula igwa, ndikaisiya iduka.

A Telala anati, "Achimwene, tiyeni kwa ogulitsa mbande. Tigule ina ya msinkhu womwewo, tibzale mwakachetechete. Alamu akadzabwera adzadziwa bwanji?" Ndinapita nawo mpaka kukafika. Ndinaima pakati pa timatumba takuda tija, ndinasankha kale iwiri. Kenako ndinaibweza. Ine sindinapakepo pulasitala pa mng'alu kuti mwini nyumba asaone. Ndipo amayi ako amadziwa mtengo wawo uliwonse ngati mano a m'kamwa mwawo.

Choncho uwauze zoona. Uwawerengere zonse, usadumphe. Mitengo yawo yandikanika. Ananena okha pa geti kuti ikauma ndisawayembekezere, ndipo sindiwakakamiza. Nyumba yopanda iwo ndi njerwa chabe.

Galimoto ija itumize. A Telala, lembani momwe ndanenera, musandiyang'ane. Itumize. Katundu wanga si wambiri. Ndikupempha kuti m'chipindamo mukhale msomali umodzi wokolekapo levulo yanga, chifukwa siigona pansi. Makiyi ndidzasiya kwa a Telala.

Kalatayi ikhala pa mashini awo mpaka dalaivala ataoneka.

Ndine bambo ako.

15 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni. Ndikulankhula mofulumira, a Telala akuti ndichepetse liwiro.

Dalaivala anabwera sabata yatha. Akuti lole inawonongeka injini kutali, inakhala kwa amakanika pafupifupi mwezi. Ndinamupatsa kalata yanga ija, ananyamuka. Dzana wabweranso akuchita manyazi, ali ndi envulopu yodetsedwa ndi mafuta. Akuti anaipeza kuseri kwa mpando. Ndi kalata ya amayi ako ya pa 13 Julayi. Ikanafika pa nthawi yake, mitengo itatu ija bwenzi ilipo. Sindinamukalipire. Waya sanamange ndi iye.

A Telala anandiwerengera katatu. Pa mawu oti "ali ndi imvi ndipo samva foni" anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawasiya aseke.

Ndachita zonse monga analembera, sindinawonjezere kanthu. Waya ndadula. Pena anali atalowa kwambiri moti ndinachita kumufufuza ndi nsonga ya pulayala, mtengo ukutuluka madzi. Nditamasula wa ndimu woyamba unawerama mpaka nsonga inagunda njerwa. Sungathe kuima wokha ngakhale pang'ono. A Telala anabwera ndi thumba la zidutswa, tinamanga limodzi, iwo akulowetsa zala ziwiri kuti ndisathinitse. Pabwalo pano tsopano pali nsalu za maluwa, za mizere, ndi mwendo wa thalauza la sukulu. Yonse ikugwedera. Sindikuyang'anako kawirikawiri.

Dothi linandivuta. Ndinalitsindira bwino kwambiri, chitsulo chimachita kudumpha. Ndinayamba ndalinyowetsa, mawa lake n'kubaya. Dzulo madzulo ndinathira ndowa pa wa gwafa ndipo madzi analowa onse, ndinamva pansi pakumwa. Udzu ndakamweta kuseri kwa bwalo la mpira.

Koma pali chimene kalata yawo sinanene, chifukwa polemba inali isanathyoke. Zitsa zitatu zija ndichite nazo chiyani? Ndizule? Ndizithirire? Zangoima m'tinjerwa mwake, zofika m'bondo, zopanda tsamba. Ndipo yotsalayi, ya mabala ozungulira khosi, ichira kapena ndikuthirira maliro? Uwafunse m'dzina langa. Unene kuti afunsa ndi a Levulo.

Za galimoto, mawu ndinanena ndipo sindimabweza mawu. Koma ndikachoka kumapeto kwa mwezi uno, kutentha kukubweraku palibe umene upulumuke. A Telala ali ndi mashini awo ndi chifuwa chawo. Ngati n'kotheka, galimotoyo idikire mvula. Ndikupempha, sindikulamula.

Ndine bambo ako.

24 Ogasiti

Bambo anga,

Moni. Makalata anu awiri ndawawerengera amayi onse, kuyambira pa deti mpaka pa "ndine bambo ako". Yoyamba itafika anangotembenukira kukhoma. Yachiwiri anandilanda n'kuwerenganso okha. Atamaliza anandifunsa za kalata ya mu Januwale. Zimene anandiuza sindilemba. Ndinkaganiza kuti ndikuwateteza.

Za zitsa akuti musazule. Mukande khungwa pang'ono ndi chikhadabo m'munsi mwa pothyokapo. Mukaona zobiriwira ndiye kuti chili moyo. Mudule pothyokapo mosalala ndi mpeni wakuthwa ndipo muzithirira ngati inzake. Za yamabala akuti sakudziwa. Ina ichira, ina ayi.

Tsopano nkhani ya galimoto. Ndinawauza amayi kuti mwavomera kubwera ndipo zonse zatha bwino. Anati, "Zatha bwino kwa ndani?" Ndinawakumbutsa zimene ananena pa geti. Anati, "Ndinanena kuti achite mantha aziithirira, osati azilongedza. Akanaisamala bwino ndikanakhala kuno mpaka mwendo utalimba. Koma munthu uyu ndikamusiya yekha mwezi wina, aipaka laimu." Ndinawauza kuti dokotala sanawamasule. Anati dokotala alibe mitengo.

Takangana masiku atatu. Apongozi anu athawira kuntchito. Pomaliza ndagonja, ngakhale mtima wanga sukuvomera. Galimoto ibwera Loweruka monga tinanenera, koma ibwera ndi amayi.

Mundimvetsetse, bambo. Akuyenda ndi ndodo imodzi ndipo sanachire. Masitepe a pakhonde sangakwere. Asanyamule ngakhale kapu ya madzi kupita nayo pabwalo. Mmodzi wa inu akangogwanso, ndibwera ndekha ndipo sindidzafunsa munthu. Ine ndikhala kuno ndi foni m'manja, ndikudziwa kuti ikalira simudzakhala inu.

Ndine mwana wanu.

29 Okutobala

Mwana wanga wokondedwa,

Moni kuchokera kwa ine ndi amayi ako. Akanalemba okha koma akuti magalasi akuwapweteka, ndiye ndabweranso kwa a Telala. Palibe amene wagwa. Ndayamba ndi zimenezo kuti upume.

Masitepe ndinagumula, ndinamanga potsetsereka ndi chogwirira m'mbali. Amayi ako akuti mpaka pano ndi chinthu chokhacho chopendekera chimene ndamanga mwadala. M'mawa ndimawatulutsira mpando pakhonde, amakhala ndi ndodo yawo n'kumaloza. Ndikayandikira mtengo ndi chida chilichonse amagogoda pansi. Ntchito yanga ndi madzi ndi udzu basi. Ndinapanga kangolo ka mawilo awiri, ndowa sindinyamulanso m'manja.

Kutentha kwafika poipa. Mitambo imasonkhana masana n'kubalalika. Mpopi masiku ena umangotulutsa mpweya, ndipo tikatero timathirira ndi madzi otsukira mbale ndi osamba, opanda sopo wambiri. Sindikubisira, wa ndimu umene unawerama uja wauma. Wa gwafa umodzi wauma. Mwa zitsa zitatu, ziwiri za mapeyala zinali zakuda mkati, amayi ako analamula kuti ndizule. Chitsa cha mango chatulutsa mphukira zinayi zofiirira. Akuti tidikire zikule pang'ono, tisiye imodzi yamphamvu. Ine ndinaloza yowongoka. Iwo analoza yonenepa imene yatulukira cham'mbali. Ukudziwa kale imene itsale.

Yotsalayo mabala ayamba kutsekeka, khungwa likubwera kuchokera pamwamba ndi pansi ngati milomo. Masamba atsopano ndi ochepa koma alipo. Mthunzi palibe. Wa mtengo waukulu pa yonse ungakwane nkhuku imodzi.

Ndinawafunsa kuti kodi mvula ikabwera ndiye kuti tapulumuka? Anati, "Mwayamba liti kufulumira? Mtengo suusiya wokha usanaone zilimwe zitatu. Ichi n'choyamba, ndipo mwachiwononga theka." Ndiye akuti ndikuuze kuti chipinda chija mugonekemo ana, achoke pabalaza. Ife tili ndi ntchito kuno.

Tsopano mawu awa ndi anga, amayi ako sakudziwa kuti ndikulembetsa. Zilimwe zitatu kwa iwe si kanthu. Kwa ine ndi iwo ndi ulendo. Ndikawaona akutsika potsetsereka paja, dzanja lili pa chogwirira, ndimawerenga zilimwezo ndipo sindimaliza. Ukadzabwera pa tchuthi, usadzangokhala pakhonde ndi kutiyang'ana miyendo. Udzavale nsapato zakale, amayi ako adzakuonetse mmene amathirira ndi mpata umene amasiya pa tsinde. Ubwere ndi ana, nawonso aone. Mwina chilimwe chachitatu chidzakhala chako.

Ndine bambo ako.